MASO OBWEREKA

Kuno ku Chadiza fumbi la chilimwe layamba kale kutifiiritsa mapazi. Chimanga chalowa m'nkhokwe, soya ndi fodya zagulitsidwa, ndipo monga mwa chaka ndi chaka, Loweruka lililonse kutchalitchi kukumveka nthungululu za ukwati. Nkhani yathu ya lero inayambira ku ukwati komweko. Ndi nkhani ya kanthu kakang'ono, kopyapyala ngati mamba a nsomba, kamene kalowa m'mabanja mwathu mosaodira, ife makolo tili m'tulo.

Zimene tinaona ku ukwati

Mu Seputembala wa chaka cha 2023 tinali nawo pa ukwati ku tchalitchi china cha kumudzi m'parishi yathu. Pamene mkwatibwi ndi anamwali omuperekeza ankalowa akuvina, agogo ena amene anakhala pafupi nafe anatikodola nanong'ona kuti, "Aphunzitsi, kodi ana awa adwala chiyani? Taonani maso awo, ngati a mphaka!" Tinayang'anitsitsa. Zoonadi, ana amene tinawaphunzitsa katekisimu ali ndi maso akuda bii, tsiku limenelo wina anali ndi maso otuwa, wina obiriwira, wina onga uchi. Achinyamata anatimasulira kuti amenewo ndiwo makontakiti: timagalasi tofewa, ta utoto, timene munthu amaika pa diso penipeni kuti lisinthe maonekedwe. Mayi wokongoletsa akwatibwi ndiye anabwera nato kuchokera kutauni, pamodzi ndi nsidze ndi zikhadabo zomata, ndipo anawaika anawo m'maso ndi zala zake m'mawa wa tsikulo.

Lamulungu lotsatira, potsogolera mapemphero popeza kunalibe wansembe, ife tinadzudzula mchitidwewo ndi mawu aukali. Tinati ndi kunyoza chilengedwe cha Mulungu. Azibambo anaomba m'manja, ndipo tinabwerera kunyumba tikudziona ngati tagwira ntchito.

Koma mmodzi mwa anamwali aja, mwana wa m'kwaya wa zaka 18, anali atatikonda timagalasito. Anagula kwa mnzake timene mnzakeyo anali atavala kale, ndipo atamva mawu athu ndi chiopsezo cha atate ake, anayamba kuvala mobisa popita kumsika wa ku Boma. Ankatisunga m'chitsekerero cha botolo, m'madzi a pamjigo, kunsi kwa mphasa. Tsiku lina anabwerako kutada. M'kuka munalibe nyali, ndipo poopa kuti angatitaye mumdima, anagona nato. M'mawa diso lakumanzere linali psuu, misozi ili chuchuchu. Kwa amayi ake anati wagwedwa chitsotso popeta chimanga. Azakhali ena anamufinyira mkaka wa m'mawere; ena anabwera ndi madzi a masamba. Anakafika kuchipatala pa tsiku lachinayi, ndipo a kumeneko anamutumiza msangamsanga ku chipatala cha maso. Diso analipulumutsa, koma pakati pake panatsala chipsera choyera. Lero akatseka diso lamanja sangathe kuwerenga buku la nyimbo. Akuti amaona ngati ali m'khitchini yodzaza utsi.

Atate ake anadza kwathu nati, "Aphunzitsi, lembani m'magazini muja kuti Ambuye Episkopi aletse zinthu zimenezi." Tisanayankhe tinapita kukamuona mwanayo. Tinamufunsa kuti, "Mwanawe, unakhaliranji chete masiku anayi onse diso likupweteka?" Iye anawerama nati, "Ndikanauza yani, aphunzitsi? Inu munati ndi tchimo, atate anati akadzandiona nazo adzandipirikitsa pakhomo." Mawu amenewo anatilasa. Tinazindikira kuti mbali ina ya mlanduwo inali yathu: tinaletsa chinthu chimene sitinkachidziwa, ndipo kuletsa kwathuko sikunachotse kagalasi m'diso la mwana, kunangochotsa mwanayo pamaso pa anthu amene akanamuthandiza. Kuyambira pamenepo tinadzipatsa ntchito yofunsa kwa a zachipatala ndi kuwerenga. Zimene tinaphunzira ndi zimene tikugawireni lero.

Kanthu kameneka n'chiyani?

Poyamba timagalasi totere tinapangidwira odwala. Mu 1888 dokotala wina wa maso, Adolf Fick, amene ankagwira ntchito ku Zurich, anaonetsa timagalasi ta galasi lenileni toika pa diso. Tinali tolemera, ndipo munthu sankatha kukhala nato kupitirira maola ochepa. Tofewa timene tikuona lerotu tinachokera kwa Otto Wichterle wa ku Prague, amene mu 1961 anaumba toyamba kunyumba kwake ndi kamakina kolumikiza ndi zidole za mwana wake. Lero anthu mamiliyoni ambiri pa dziko lapansi amavala makontakiti m'malo mwa mandala, ndipo ambiri amakhala nawo bwino zaka ndi zaka, chifukwa anapimidwa, anaphunzitsidwa, ndipo amasunga malamulo ake.

Makontakiti a utoto ndi ana a banja lomwelo. Ngakhale amene sathandiza kuona amakhala pa malo omwewo ndipo ngozi zake ndi zomwezo. N'chifukwa chake dziko la America mu 2005 linaika lamulo lakuti makontakiti onse, ndi okongoletsa omwe, aziwerengedwa ngati zipangizo zachipatala, zosagulitsidwa popanda chikalata cha wopima maso. Kuno kwathu timatipeza pa Facebook ndi pa WhatsApp, m'masaluni ndi m'zikwama za ogulitsa zodzola, ngati kuti ndi ndolo kapena mikanda.

Kuti timvetse kusiyana kwake ndi ndolo, tiyeni tilidziwe diso. Kutsogolo kwa diso kuli kachiwalo koonekera ngati madzi oyera, kamene madokotala amakatcha cornea. Ife tikatche zenera la diso. Kuchindikala kwake ndi pafupifupi theka la milimita. Mulungu sanaikemo mitsempha ya magazi, kuti kuwala kudutse bwino. Motero zenerali limapuma mpweya wa okosijeni wochokera kunja, kudzera m'misozi. Nthawi iliyonse tikaphethira, chikope chimalitsuka ndi kulidzoza misozi yatsopano. Tsono kagalasi kakakhala pamwamba pake, mpweya umachepa, misozi siyenda momasuka, ndipo fumbi kapena tizilombo tikalowa kunsi timapeza pobisala. Kagalasi kosayenerana ndi diso kamakanda zenera lija. Pokandikapo ndipo pamene tizilombo timalowera. Khungu la padzanja likachira limasiya chipsera, ndipo munthu amalima nalo monga kale. Koma chipsera cha pa zenera la diso chimatseka njira ya kuwala, ndipo sichichoka ndi mankhwala odontheza. Chotsala ndi opaleshoni yosintha zeneralo, ntchito yodula ndi yosowa, imene mlimi wa kwa Mlolo kapena kwa Zingalume sangaifikire mosavuta.

Adani atatu: madzi, tulo ndi kubwerekana

Mdani woyamba ndi amene tonse timamukhulupirira: madzi. Tinaleredwa ndi chiphunzitso chakuti madzi ndiwo ukhondo, ndipo n'zoona pa mbale ndi pa thupi. Pa kagalasi ka m'diso si choncho. M'madzi ndi m'dothi mumakhala kachilombo kosaoneka kotchedwa Acanthamoeba. Kali m'madzi a pachitsime, a pamjigo, a mumtsinje, ngakhale a pampope wa mumzinda, ndipo kakadzitsekera m'chikamba chake mankhwala a klorini amene timathira m'madzi akumwa sakagonjetsa. Tikamwa madziwo sikatipweteka kawirikawiri. Koma kakamatirira ku kagalasi ndi kukhala pa zenera la diso maola ambiri, kamayamba kulidya. Ululu wake ndi woopsa, ndipo kuchiza kwake kumatenga miyezi, poyamba wodwala akudontheza mankhwala ola lililonse, usana ndi usiku. M'zaka za m'ma 1980 ku America anthu ambiri anadwala nthendayi chifukwa chodzipangira okha madzi amchere osungiramo makontakiti. Choncho madzi amchere opanga kunyumba, madzi a m'botolo ogula, ndiponso malovu, zonsezi n'zoletsedwa. Kusamba m'maso, kusambira kudamu kapena kuyenda pamvula kagalasi kali m'diso, ndi kuitana mdani yemweyo.

Mdani wachiwiri ndi tulo. Chikope chikatsekeka mpweya umachepa kale. Tikaonjezapo kagalasi, zenera limatupa ndi kufooka, ndipo m'kati mofundamo tizilombo timaswana. A bungwe loona za matenda la boma la America, lotchedwa CDC, amanena kuti kugona ndi makontakiti kumachulukitsa ngozi ya matenda a diso ka 6 mpaka ka 8. Pali kachilombo kena, Pseudomonas, kamene kangathe kuwononga zenera la diso m'masiku awiri okha. Tiganize za maukwati athu: mkwatibwi amakongoletsedwa tambala woyamba, Misa, zithunzi, madyerero, magule mpaka usiku, kenaka mwambo wa alangizi. Wotopa chotero adzakumbukira kusamba m'manja ndi kuchotsa kagalasi? Ndipo ngati sanaphunzire kuchotsa yekha, poti anamuika ndi wina amene wabwerera kale kutauni, adzatani?

Mdani wachitatu ndi khalidwe lathu labwino lija, kubwerekana. Ife Achewa timabwerekana khasu, mtondo, chitenje ndi nsapato za ukwati, ndipo Mulungu atidalitse potero. Koma kagalasi kamamwa misozi ya mwini wake monga chinkhupule chimwera madzi, pamodzi ndi matenda amene ali m'misoziyo. Tonse tikukumbukira nthenda ya maso ofiira ya mu 2024, imene inavuta ku Karonga m'dziko la Malawi ndiponso m'chigawo chathu chino cha Kum'mawa. Ngati nthendayo inkayenda pa mpango ndi pa moni wa m'manja, nanga kotani kanthu kochoka m'diso la wina kulowa m'diso la mnzake? Wokongoletsa amene amasunga makontakiti obwereketsa kwa akwatibwi osiyanasiyana akuchita malonda ndi maso a ana a anthu.

Pa adani atatuwa tionjezepo za kwathu kuno: fumbi la mumsewu wa ku Chipata ndi wa ku Chanida, mungu wa chimanga potonola ndi popeta, utsi wa nkhuni m'khitchini, fungo la fodya m'zigafa, ndi mankhwala opopera thonje. Amene anapanga makontakiti ankaganiza za munthu wa m'ofesi wokhala ndi mpope ndi magetsi m'nyumba. Mwana wa kumudzi amene afuna kuvala ayenera kusamala koposa wa mumzinda.

Poyambira pake ndi kwa wopima maso

Safunsa anadya phula. Maso a anthu sali ofanana: lina ndi lozungulira kwambiri, lina ndi lophwatalala pang'ono, lina lili ndi misozi yochepa. Kagalasi nako kali ndi miyeso yake, ya kukula ndi ya kupindika, yolembedwa pa paketi. Kothina kamakanirira ndi kutsekereza misozi. Kokhwepa kamayendayenda ndi kukanda. Wogulitsa amene akuti "ndi saizi imodzi ya aliyense" sadziwa chimene akugulitsa. Woyenera kusankha ndi wopima maso wophunzira, wolembetsedwa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia, amene adzayang'ana diso ndi makina, adzayesa kagalasiko pa diso lanu, nadzakuphunzitsani kuika ndi kuchotsa kufikira mutatha nokha. Kwa ena adzanena mosabisa kuti maso awo sayenera makontakiti, makamaka amene maso amawayabwa chaka chonse, amene ali ndi maso ouma, ndi amene anadwalapo chilonda cha m'diso. Yankho limenelo ndi la mtengo wapatali kuposa ndalama ya ulendo.

Kuno ku Chadiza ulendowo ndi wautali ndithu, pakuti ku Chipata ndi makilomita oposa 70. Komabe zipatala zoona maso zilipo m'chigawo chathu: chipatala chachikulu cha Chipata, cha Mwami cha abale athu a Adventist chimene chinatchuka kalekale pa za maso, ndi cha St Francis ku Katete. Ku Lusaka kuli chipatala cha maso cha UTH ndi Lusaka Eye Hospital. Yambani mwapimitsa maso, ndipo a kumeneko ndiwo akuuzeni kumene mungapeze makontakiti oyenera. Pogula onetsetsani kuti paketi ndi yomata, ili ndi dzina la opanga, miyeso, ndi tsiku lothera ntchito. Dziwaninso mtundu wake: alipo a tsiku limodzi, ovala kamodzi n'kutaya; alipo a milungu iwiri; alipo a mwezi. Masikuwo amawerengedwa kuyambira tsiku lotsegula paketi, ngakhale mutavala kawiri kokha. Kwa wofuna kuvala pa ukwati pokha, a tsiku limodzi ndiwo ochepa ngozi, chifukwa safuna kusunga.

Tiwerengenso mtengo wake wonse. Kagalasi kokha ndi kotchipa; chodula ndi mankhwala ake otsukira, amene amatha ndipo m'magolosale a kwathu kuno simungawadalire kuwapeza. Botolo likatha pakati pa mwezi, mayesero otunga madzi a mumtsuko amakula. Amene sangathe kugula botolo lachiwiri asagule kagalasi koyamba.

Mwambo wa tsiku ndi tsiku

Kwa amene wapimidwa naloledwa, nawa malangizo amene a zachipatala amabwereza. Sakulowa m'malo mwa maphunziro a wopima maso, koma makolo nawonso awadziwe kuti athe kuyang'anira.

1. Wengani zikhadabo. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo pukutani mpaka muume ndi nsalu yoyera yosathothoka ulusi. Dontho la madzi lisatsale pa chala. Ngati mwagwira tsabola, fodya, feteleza kapena parafini, sambani kawiri.

2. Khalani pansi, pamalo owala, patsogolo pa kalilole, mutayala nsalu yoyera. Yambani ndi diso lomwelomwelo masiku onse kuti musasokoneze. Ikani kagalasi pansonga pa chala: kakhale ngati kambale kozungulira bwino, ngati milomo yake yatambasukira kunja, katembenuzika. Kong'ambika kapena kouma tayani.

3. Ndi dzanja lina kwezani chikope cha m'mwamba, tsitsani cha m'munsi, ikani kagalasi mofatsa, ndipo phethirani pang'onopang'ono. Kakamapweteka chotsani pomwepo. Musapirire poganiza kuti diso lizolowera.

4. Kagalasi kalowe musanadzole za kumaso, ndipo kachoke musanapukute zodzolazo. Utoto wa m'zikope ndi guluu wa nsidze zomata zisakhudze.

5. Masiku oyamba valani maola ochepa, ndipo musapitirire maola amene wopima maso anakuuzani. Chotsani musanagone, ngakhale tulo ta masana, musanasambe, musanapite kumunda, kuchigayo kapena pamoto wa nkhuni. Oyendetsa njinga zamoto asavale a utoto usiku, pakuti mumdima mwanadiso amakula kupitirira kabowo koonera, ndipo utoto umatchinga.

6. Pochotsa, yang'anani kumwamba, kokerani kagalasi pa choyera cha diso ndi chala, ndipo katsineni mofewa ndi nsonga za zala ziwiri, osati ndi zikhadabo. Kakasowa musachite mantha: sikangapite kuseri kwa diso, kamangobisala kunsi kwa chikope. Koma musakasiye. Mu 2017 madokotala a ku England analengeza za mayi wa zaka 67 amene, pomukonzekera opaleshoni ya ng'ala, anamupeza ndi makontakiti 27 m'diso limodzi, amene iye ankayesa kuti anagwa.

7. Mukachotsa, ikani pachikhatho, donthezani mankhwala ake, tikitani mofatsa ndi chala mbali zonse ziwiri, tsukuluzani ndi mankhwala omwewo, ndipo ikani m'kabokosi kake muli mankhwala atsopano. A dzulo tayani onse. Musaonjezere atsopano pa akale. Musatsanulire mankhwala m'botolo lina, ndipo kamwa la botolo lisakhudze kanthu.

8. Kabokosi nako katsukeni ndi mankhwala, osati madzi, kavundikireni pa nsalu yoyera kuti kaume, ndipo gulani kena pakatha miyezi 3 iliyonse.

Amene wawerenga mndandandawu n'kuona kuti ndi wautali, wamvetsa bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo waphuma asayambe n'komwe.

Diso likafiira

Apa ndi pamene mwana wathu uja anatayira diso, ndipo tikupempha owerenga onse, ovala ndi osavala, asunge ndime ino. Zizindikiro za ngozi ndi izi: diso kufiira, kupweteka, kuopa kuwala, misozi kapena manthongo osaleka, kuona mwachimbuuzi, kumva ngati muli mchenga ngakhale kagalasi kachoka, ndi kadontho koyera pa chakuda cha diso. Mukaona chimodzi mwa izi chotsani kagalasi nthawi yomweyo, ndipo ngati ululu kapena kufiira sikukuleka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche kawiri. Tengani kagalasi, kabokosi ndi botolo la mankhwala, ndipo mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti, "Ndimavala makontakiti." Mawu amenewo amasintha mankhwala amene iye adzasankha ndi changu chimene adzachita. Wobisa amadzinamiza yekha.

M'diso lotere musathiremo mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga, a mchere kapena a masamba. Kafukufuku wina wa kumidzi ya ku Malawi, wofalitsidwa mu 1994, anapeza kuti mwa odwala zenera la diso amene anafika kuchipatala, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali atathira kale mankhwala achikuda. Azakhali amachita zimenezi mwa chikondi, koma amaonjezera tizilombo pa chilonda ndi kudya masiku amene akanapulumutsa diso. Musagulenso mankhwala odontheza mwachisawawa, kapena kugwiritsa otsala a munthu wina: ena ali ndi mphamvu yoziziritsa kufiira pamene chilonda chikukulirakulira kunsi. Ndipo musamange diso ndi nsalu, pakuti m'kati mofunda ndimo tizilombo timakondwera.

Kodi ndi tchimo?

Tibwerere kwa bambo uja amene anafuna kuti Ambuye Episkopi aletse. Eklezia alibe lamulo lotchula makontakiti, monga alibe lotchula ndolo kapena kuluka tsitsi. Agogo athu aakazi ankadzikongoletsa ndi mphini ndi mikanda. Kufuna kuoneka bwino pa tsiku la chisangalalo si chachilendo, ndipo si tchimo pa iko kokha. Chimene Eklezia amaphunzitsa chili pansi pa lamulo lachisanu la Mulungu. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pa ndime 2288, amatikumbutsa kuti moyo ndi thanzi tinachita kusungitsidwa ndi Mulungu ndipo tiyenera kuzisamala mwanzeru. Ndime yotsatira imachenjeza za kupembedza thupi ndi kuperekera zonse ku maonekedwe ake. Tsono mlandu uli pa kusasamala: kuika diso pa ngozi ukudziwa, kugulitsa kwa ana zinthu zimene sudziwa kasamalidwe kake, kubwereketsa kagalasi kovalidwa kale chifukwa cha phindu. Ogulitsa ndi okongoletsa amene ali akhristu anzathu afunse chikumbumtima chawo pa zimenezi.

Funso lina ndi lofunika kulifunsa mwachikondi, osati paguwa koma pakhomo. N'chifukwa chiyani mitundu imene ana athu amasankha imakhala yotuwa ndi yobiriwira? Ndani anawauza kuti diso lakuda, la amayi awo ndi la agogo awo, ndi losakwanira? Kawirikawiri ndi zithunzi za pafoni, zimene zambiri ndi zokonzedwa ndi makina. Mwana amene sanamvepo kwa atate ake kuti ndi wokongola adzakafuna mawuwo kumsika. Ife azibambo achichewa timaumira mawu otere ngati ndalama. Mwina tikanawatulutsa kawirikawiri, malonda a maso obwereka akanachepa okha.

M'Malembo Oyera muli nkhani ya Tobiti, munthu wolungama amene anachita khungu ndi zoyera za m'maso atagona pabwalo zitosi za mbalame n'kumugwera. Tiona kuti khungu lake silinali chilango. Linali ngozi ya usiku umodzi, ndipo kuchira kwake kunadzera mwa mwana wake amene anayenda ulendo wautali. Buku la Sira, mutu 38, limatilangiza kulemekeza sing'anga ndi mankhwala monga mphatso za Mulungu. Pemphero ndi ulendo wa kuchipatala siziyenera kudikirana; pempherani muli pa njinga.

Mawu kwa makolo ndi alangizi

Makolo athu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Mwambiwu ndi wanzeru pa zinthu zambiri, koma pa diso sugwira, pakuti chofota apa si nyanga, ndi diso la mwanayo. Kukalipa kokha nakonso taona kumene kunatifikitsa. Njira yotsala ndi yovuta koma ndi yachikhristu: kukhala pansi ndi mwana, kumva chimene akufuna, ndi kuwerenga naye pamodzi zofunika. Kodi wapimidwa? Kodi ndalama ya mankhwala a mwezi ndi mwezi ilipo? Kodi ali ndi malo oyera ndi owala ochotsera usiku? Kodi diso likafiira, ya ulendo wa ku Chipata ipezeka tsiku lomwelo? Ngati yankho limodzi ndi lakuti ayi, ndiye kuti nthawi yake sinakwane, ndipo mwana wanzeru adzaona yekha. Ngati onse ndi inde, ndipo ndi wamkulu wotha kusunga mwambo, avale poyera, inu mukudziwa. Koposa zonse muuzeni mawu awa: "Mwana wanga, tsiku limene diso lidzapweteke, ngakhale unavala mobisa, undiuze ola lomwelo. Za mlandu tidzakamba pobwera kuchipatala."

Alangizi a maukwati ndi atsogoleri a miphakati, ikani nkhaniyi pa maphunziro a okonzekera ukwati. Funsani msanga ngati mkwatibwi ndi omuperekeza akuganiza zovala makontakiti, kuti pakhale nthawi yopimitsa, ndipo musalole kuti munthu aike zala m'maso mwa ana m'mawa wa ukwati. Ife tayamba kale kutero m'kalasi mwathu, ndipo amene amatithandiza kufotokoza ndi mwana wa m'kwaya uja. Iye mwini anapempha. Amaimirira patsogolo pa anzake, natsegula diso lakumanzere ndi zala ziwiri kuti onse aone chipsera, ndipo m'kalasi mumakhala zii kuposa pamene tilankhula ife. Atate ake, amene ankafuna chiletso cha Ambuye Episkopi, ndiwo amamubweretsa pa njinga.

Lusia Woyera wa ku Syracuse, namwali wofera chikhulupiriro m'chaka cha 304, amene Eklezia amamukumbukira pa 13 Disembala monga nkhoswe ya odwala maso, atipempherere ife ndi ana athu.